Kuyambira Chimodzi Kufika Zisanu

Mtsikana wa kauniuni wafika dzuwa litakwera,
nsapato zake zoyera zitamwa kale dothi la ku Likhubula.
Wakhala pa benchi, tabuleti pamiyendo,
akuti: Mayi Nikoroma, inu ndinu mlembi wa komiti,
mgwirizano wanu ndi bungwe ndi a zankhalango
mungaupatse zingati, kuyambira chimodzi kufika zisanu?

Ndayang'ana ku Chambe.
Mtambo wakhala pamenepo ngati mlendo wosafuna kutsanzika.

Zisanu, ndikakumbuka tsiku losayina,
pamene anati phiri ndi lathu tonse,
ife amene michombo yathu inakwiriridwa m'tsinde mwake
ndi iwo amene amalidziwa pa mapu.
Tinadinda zala. Inki sinachoke mpaka Loweruka.

Chimodzi, ndikakumbuka moto wa mu Okutobala.
Tinaimba foni kasanu ndi kawiri,
anati galimoto ilibe mafuta.
Tinauzima ndi nthambi zaziwisi, anthu khumi ndi anayi,
ndipo Rabisoni mpaka lero savala nsapato kuphazi lamanzere.
Lipoti litabwera linati moto unazimitsidwa mogwirizana.

Koma ndisaname, lemba ndi izi:
nkhwangwa imene tinalanda kumtunda kwa mtsinje
inali ya mkamwini wanga.
Ndinailemba m'buku ndi dzanja langa lomweli,
mwana wanga sanandipatse moni mwezi wathunthu.
Ndipo pali wamasiye wina
amene amadutsa ndi mtolo wa nkhuni wopanda risiti,
ine n'kuyang'ana kumbali,
kumanga chitenje chimene sichinamasuke.
Zimenezo zimalowa m'bokosi liti?

Mbande za mkungudza tinasenza pamutu,
zikwi zinayi, kukwera mpaka maondo kunjenjemera.
Zamoyo ndi mazana atatu ndi pang'ono,
ndinaziwerenga ndekha, ndikupuma pa mwala uliwonse.
Mtengowo udzakula zidzukulu zathu zitamera imvi.
Pulojekiti inali ya zaka zitatu.
Bwana woyamba anasamutsidwa,
wachiwiri anapeza ntchito ku Lilongwe,
wachitatu ndi waulemu, amavula chipewa,
koma amatitchabe opindula.

Usiku matabwa amatsika.
Fungo lake limafika wosenza asanafike,
ndipo amadutsa pa chipata
chimene kiyi wake sitisunga ife.
Ndinazinena pa msonkhano. Anati tazimva.
Kenako anagawa fanta ndi mabanzi.

Komabe uchi wa m'ming'oma ija
walipirira Elube fizi ya fomu filii.
Masuku abwerera kumene tinaleka kudula,
bowa anatuluka pamene tinkati pafa,
ndipo kasupe wa kuseri kwa sukulu sanaphwe chaka chino.
Ndikanena chimodzi, kasupeyo adzandimva.

Mtsikana wadikira, chala chili m'mwamba.
Ndamufunsa: nanga iwo aja, amawafunsa ndani?
Alipo amene amakhala nawo pa benchi
n'kuwauza kuti adzipatse zingati?
Waseka pang'ono, wati funso limenelo mulibe.
Pomwepo tabuleti yake yathima.

Magetsi kuno anapita dzulo.
Ndatulutsa buku la komiti m'jumbo ya shuga,
lija la chikuto chodyedwa ndi chinyontho,
momwe muli masiku onse amene anabwera
ndi masiku ambiri amene anati abwera.
Ndamubwereka bolopeni.
Walemba mayankho otsala patsamba lathu,
pansi pa dzina la mkamwini wanga,
zilembo zake zazing'ono ngati nyerere.

Atatha wafuna kung'amba tsambalo.
Ndati ayi, bukuli silichoka pano,
kopera pa pepala lako, kapena ubwerenso.

Wakopera, dzuwa likupendekera ku minda ya tiyi.
Pa mzere womaliza wandiyang'ananso.
Ndati lemba zitatu.
Ziwirizo akazifuna, abwere adzazitenge kumtunda,
atavala nsapato zokwerera phiri,
mwezi wa moto usanafike.